Phunziro la Amayi: Kusamuka Tikonzekere Dzuwa Likadali Kuwala

Kuwerenga: Genesis 33:12-14 ndi Deuteronomo 23:12-14

 Phunziro la mwezi uno likuchokera kuno ku nyanja ya Chilwa, kumene kusamuka si nkhani yachilendo. Nyanja yathuyi ndi yosazama ndipo ilibe mtsinje wotulutsa madzi. Mvula ikachepa imaphwa, monga inachitira mu 1968, mu 1995 ndi mu 2018. Pamenepo anthu amatsata chinyezi, nalima ndi kumanga pamene kale panali madzi. Kenaka madzi amabwera kudzatenga malo ake. Tinaona zimenezi mu Januwale 2015, mu Malichi 2019, ndiponso mu Malichi 2023 pamene namondwe wa Freddy anasiya anthu oposa theka la miliyoni m'dziko muno opanda pokhala. N'chifukwa chake m'madambo a Likangala ndi Domasi muli mabanja amene akuganiza zokamanga kumtunda.

Pali kuthawa ndipo pali kusamuka. Wothawa amanyamuka usiku, mwana kumsana, madzi ali m'chiuno, n'kukagona m'kalasi pa sukulu. Wosamuka amasankha yekha tsiku. Ife tikukamba za kusamuka.

Taonani Yakobo m'mawu tawerengawa. Esau anafuna kuti ayendere limodzi, koma Yakobo anakana mwaulemu. Anaona kuti ana ndi anthete ndipo ziweto zikuyamwitsa. Kuzithamangitsa tsiku limodzi lokha zikanafa. Anasankha kuyenda pang'onopang'ono, molingana ndi mapazi a ana. Nafenso pokonza ulendo tisayambe ndi kuwerenga mipando. Tiyambe ndi kufunsa kuti wofooka kuposa onse pakhomo pano ndani: agogo, mayi woyembekezera, khanda, kapena wodwala amene amamwa mankhwala tsiku ndi tsiku?

Nthawi yabwino ndi pakati pa Julaye ndi Sepitembala. Mpunga takolola, njerwa zikuuma, udzu ulipo, msewu wa ku Kachulu ukuyendeka, ndipo ana akayambira kumalo kwatsopano chaka cha sukulu chikamatsegulidwa. Wodikira mitambo ya Novembala amafolera nyumba mvula ikumugwera.

Musanazike chikhomo, nkhani ipite kwa eni mbumba. Kwathu kuno ambiri ndife a chikamwini, malo ndi a kuchikazi, ndipo mayi sangangonyamuka atsibweni osadziwa. Amfumu a kumene mukuchoka ndi a kumene mukupita amve onse, malire aonetsedwe pamaso pa mboni. Okalamba ena amakana kusamuka chifukwa cha manda a makolo. Tisawaseke. Tiwatsimikizire kuti munda wakudambo tidzalimabe ndipo kumanda tidzapitabe kukalambula. Chimene chikusamuka ndi pogona.

Tsopano mawu a m'Deuteronomo. Ena amadabwa kuti nkhani ya chimbudzi ili m'Baibulo, koma ilimo: Aisraele analamulidwa kukhala ndi malo kunja kwa misasa, ndi chokumbira, ndi kufotsera, chifukwa Mulungu amayenda pakati pa anthu ake. Ife amene tinagwirapo ntchito ya unamwino tikunena mosabisa: chimbudzi chiyambe kumangidwa nyumba isanathe. Mabanja ambiri amalowa m'nyumba yatsopano n'kumati chimbudzi tidzakumba mawa, ndipo mawa limenelo limafika mwana atatsegula kale m'mimba. Kolera anavuta pa nyanja ino kumapeto kwa 2015 ndi mu 2016, mpaka asodzi a m'zimbowera analandira katemera. Mliri umene unayamba mu 2022 unapha anthu oposa 1,700 m'dziko muno. Choncho kumbani dzenje kutali ndi chitsime, ikani chivundikiro, mpondagiya ndi sopo kapena phulusa. Fufuzaninso komwe mudzatunge madzi. Ngati mjigo uli kutali, pemphani kolorini kwa alangizi a zaumoyo kapena wiritsani madzi akumwa. Neti ipachikidwe usiku woyamba womwewo. Udzudzu sudikira kuti mumalize kulongedza.

Chinthu china chimene timachinyozera ndi mapepala. Pezani jumbo yolimba kapena kachidebe kotseka bwino, muikemo mabuku a kuchipatala a aliyense, makhadi a sikelo, ziphaso za unzika, makalata a ubatizo ndi a ukwati, ndi kalata yochokera kwa aphunzitsi aakulu yosamutsira ana. Katundu ameneyu asakwere ngolo. Akhale m'manja mwa mayi.

Pa mankhwala tiime pang'ono, pakuti apa m'pamene timataya anthu. Amene akumwa ma ARV, mankhwala a TB, a shuga, a kuthamanga kwa magazi kapena a khunyu apite kuchipatala kusanatsale masiku ochepa, akanene kuti akusamuka, alandire okwanira ndi kalata yopita nayo ku chipatala chatsopano. Mankhwala a TB amamwedwa miyezi isanu ndi umodzi. Kudukiza kumachititsa kuti matenda abwerere ali osamva mankhwala. Ena amachita manyazi kukalembetsa kumalo kwachilendo, namasiya mwakachetechete. Mlongo wotere asamayende yekha. Mmodzi wa ife amene amasunga pakamwa amuperekeze. Mayi woyembekezera adziwiretu chipatala chimene akachilire ndi wa kabaza amene angamudzutse usiku.

Za miphika, mphasa ndi nkhuku sitichulukitsa mawu, mumazidziwa kutiposa. Tingokumbutsa kuti mbewu ya mpunga ndi ya chimanga ikhale m'thumba lakelake lolembedwa, chifukwa pa chipwirikiti cha kusamuka mbewu imathera mumphika. Ngongole za ku banki ya m'mudzi zikambidwe poyera musananyamuke, kuti dzina lanu litsale labwino.

Pomaliza, mpingo. Tengani kalata kwa Abambo kapena kwa akatekisiti, ndipo amayi a Mothers' Union a kumene mukuchoka adziwitse anzawo a kumene mukupita. Ife olandira tisadikire Lamulungu. Tsiku lofika tipite ndi nkhuni, ndowa ya madzi ndi kaufa, tiwathandize kuzira, tipemphere nawo m'nyumbamo. Mayi wamasiye amene alibe womuumbira njerwa ndi ntchito ya nthambi yonse, pamodzi ndi achinyamata athu.

Zokambirana pa msonkhano: M'nthambi yathu ndi mabanja ati amene madzi anawalowera m'nyumba mu 2023 ndipo akadali pamalo pomwepo? Chikuwaletsa kusamuka n'chiyani: malo, ndalama, kapena achibale? Mlembi alembe mayina awo, ndipo amayi awiri asankhidwe lero kuti akawayendere sabata ino.