Kukaona shaki ku Gansbaai

Funso: Ndimagwira ntchito ku Cape Town. Patchuthi, ine ndi anzanga tikufuna kubereka zikwama n'kuyenda pagalimoto mpaka ku Gansbaai kukaona shaki zotchedwa great white. Koma kusambira sinditha bwino. Kodi si kuika moyo pachiswe kumeneku?

Yankho: Mtima m'malo, achimwene. Poona shakizi mumalowa m'khola lachitsulo lomwe limamangiriridwa m'mbali mwa boti ndipo silimira lonse. Mumangogwira chitsulo cham'kati, shaki ikayandikira n'kumiza mutu mutabanira mpweya. Chachikulu, dzanja lisatuluke kunja.

Ulendo wapagalimoto wochokera ku Cape Town ndi wa maola pafupifupi awiri, kudzera mu N2 kenako R43 yodutsa ku Hermanus. Maboti amanyamukira padoko la Kleinbaai. Madzi ake ndi ozizira kwambiri, choncho amakubwerekani zovala zosambirira zofunda. Mwereranitu mankhwala oletsa chizungulire.

Komabe musayembekezere zambiri. Kuyambira 2017, anamgumi awiri a mtundu wa orca, Port ndi Starboard, akhala akupha shakizi n'kudya ziwindi zake, moti zambiri zinathawa. Masiku ano zooneka kawirikawiri ndi za mtundu wa bronze whaler. Musanalipire, funsani eni boti zomwe aona sabata imeneyo.