Mafunso ndi Mayankho: Mwana Ayambe Waphunzira Kugwa

Muulutsi: Aphunzitsi a judo afika, ndipo makalata lero achuluka. Yoyamba ndi ya mnyamata wa ku Silverest. Akuti: "Ndimasirira asilikali akale a ku Japan m'mafilimu, ndipo ndikufuna kuphunzira lupanga. Ndayamba kudziphunzitsa ndi chikwanje kuseri kwa nyumba. Kodi ndili panjira yabwino?"

Aphunzitsi: Mwana wanga, chikwanjecho chibwerere kumunda. Ku Japan komweko palibe amene amapatsidwa chitsulo chakuthwa tsiku loyamba. A kendo amamenyana ndi shinai, nsungwi zinayi zong'ambidwa zomangidwa pamodzi, atavala zotchinga kumaso, pachifuwa ndi m'manja. Ena amayamba ndi lupanga la mtengo. Asamurai amene ukuwasirirawo, boma lawo lomwe linawaletsa kuyenda ndi malupanga m'chaka cha 1876. Yamba judo kapena karate kwa mphunzitsi, udziwe kaimidwe ndi kapondedwe. Chikwanje chikapulumuka m'manja mwa thukuta chimakatema mng'ono wako amene waima pambali kuonerera.

Muulutsi: Ina ndi ya amayi a ku Kasisi. Akuti mwana wawo wamkazi akufuna judo, koma azakhali ake akuti akamagwetsedwa sadzabereka.

Aphunzitsi: Limenelo ndi bodza, amayi. Akazi akhala akulimbirana mamendulo a judo ku Olympics kuyambira 1992 ku Barcelona, ndipo ambiri mwa iwo lero ndi amayi a ana. Mlekeni apite. Koma tsiku loyamba mum'perekeze nokha, mukaone amene akuphunzitsa, mukaonenso ngati pali atsikana anzake.

Muulutsi: Iyi ndi yaitali pang'ono, ya abambo a ku Kanakantapa. Akuti: "Mwana wanga wa zaka 13 amachita judo ndi anzake m'nyumba yosatha kumanga pafupi ndi kwathu. Amaonera mavidiyo pa foni kenako n'kumayeserera. Lamlungu anagwetsedwa chagada n'kumenyetsa mutu pa simenti. Usiku anasanza, ndipo mpaka pano akudandaula mutu. Tinam'patsa panado. Funso langa ndi lakuti, yunifomu ya judo ndingaipeze kuti, poti mwanayo akuoneka kuti ali ndi luso?"

Aphunzitsi: Abambo, za yunifomu taziikani pambali. Ngati mukumvera wailesi panopa, m'tengeni mwanayo mupite naye ku chipatala cha boma ku Chongwe lero lomwe, osadikira mawa. Mukafotokoze zonse: kuti anamenyetsa mutu pa simenti, tsiku lake, ndiponso kuti anasanza. Akakutumizani ku chipatala cha Levy Mwanawasa kapena cha UTH kuti akam'jambule mutu, pitani. Magazi amatha kumatuluka pang'onopang'ono mkati mwa chigaza mwana akuyenda, akudya, akuseka. Panado amangoziziritsa ululu. Ndimanena sabata iliyonse pano: mwana akamenyetsa mutu kenako n'kusanza, kapena n'kumangofuna kugona, kapena kuona zinthu ziwiriziwiri, kapena kuiwala zimene zachitika, nkhani yake ndi ya dokotala. Ndipo asabwerere kukagwetsana mpaka dokotala atalola, chifukwa kumenyetsa mutu kachiwiri bala loyamba lisanapole ndi kumene kumapha.

Tsono ndilankhule kwa makolo nonse, chifukwa nyumba zosatha zoterezi mukuzidziwa, zadzaza m'mbali mwa Great East Road, ndipo ana athu amathera momwemo akaweruka kusukulu. Foni imaonetsa munthu akuuluka m'mwamba n'kugwa pansi, anthu n'kuwomba m'manja. Siionetsa miyezi imene wogwayo anathera akuphunzira kugwa. Mu dojo yeniyeni, malo ophunzirira judo, mwana watsopano sagwetsa munthu. Timam'goneka chagada pa tatami, mphasa yofewa yogwerapo, timuuza kuti chibwano chitsikire pachifuwa, maso ayang'ane pa mfundo ya lamba wake, ndipo amenye pansi ndi mkono wonse, chikhatho chitayang'ana pansi, kuti thupi lisalandire lokha mphamvu ya kugwako. Akazolowera timam'khazika pansi, agwe atakhala. Kenako agwe atanjuta. Pomaliza ndi pamene amagwa ataimirira. Kumbuyo, kumanja, kumanzere, kugubuduka kutsogolo, tsiku ndi tsiku mpaka khosi lizikhwima lokha osaliuza. Zimenezi timazitcha ukemi, ndipo ana amatopa nazo, amadandaula kuti tikuwachedwetsa. Adandaule.

Ndipo wogwetsa naye ali ndi udindo. Sataya mnzake ngati thumba la chimanga potsitsa pa ngolo. Amagwirabe mkono wa jekete mpaka mnzakeyo atafika pansi, n'kuukokera m'mwamba kuti mutu usagunde. Ana a pa foniwa amasiya mkono kuti aoneke amphamvu. Wogwayo naye amaponya dzanja kumbuyo kuti adzichirikize, ndiye ndi mmene zigongono zimaguluka.

Musaganize kuti ndikukuopsezani chabe. Ku Japan, kumene Jigoro Kano anayambitsa judo m'chaka cha 1882 pa sukulu yake ya Kodokan ku Tokyo, ana asukulu opitirira 100 anamwalira pa ngozi za judo kuyambira 1983 kufika cha m'ma 2010. Ambiri anali oyamba kumene, ndipo ambiri anafa ndi kuvulala m'mutu. Kumeneko kuli tatami, kuli aphunzitsi a lamba wakuda. Nanga pa simenti ya ku Kanakantapa, popanda wamkulu aliyense?

Chaka china anandibweretsera mnyamata wamphamvu zedi, wogwetsa anzake onse pamudzi. Tsiku loyamba anafunsa kuti alimbane ndi ndani. Ndinam'loza pakona kuti akagwe. Anakwiya, anajomba milungu ingapo, kenako anabwerera. Patapita nthawi anagwa pa njinga atanyamula makala, njingayo n'kupindika, iye anagubuduka n'kudzuka ndi zokalika zokha paphewa. Amayi ake ndi amene anabwera kudzandiuza.

Judo si yachilendo kuno ku Zambia, ndipo anthu oidziwa alipo. Bambo Jude McKenna, wansembe wa chipani cha Capuchin wochokera ku Ireland, anafika m'dziko muno mu 1966 ndipo anathera zaka zambiri akuphunzitsa achinyamata, mpaka boma la Japan linawapatsa ulemu wa Order of the Rising Sun mu 2019. Ku Olympics, Boas Munyonga anatiimira ku London mu 2012. Mathews Punza anapita ku Rio de Janeiro mu 2016 n'kukagonjetsa Golan Pollack wa ku Israel. Steven Mung'andu anapita ku Tokyo. Onsewa anayambira pansi, akumenya tatami ndi mkono. Ku Lusaka kuli malo a masewera a OYDC amene anatsegulidwa mu 2010, ndipo kuchoka pa Chongwe ndi ulendo wa minibasi, kupita ndi kubwera tsiku lomwelo. Makolo angapo mutasonkherana, mutha kutumiza ana Loweruka, kapena kuitana mphunzitsi kuti azibwera. Tatami ndi yodula, ndikudziwa. Koma utuchi ulipo kwa ocheka matabwa. Kumbani pang'ono, thirani utuchi wochuluka wopanda misomali, kutani ndi tenti yolimba, kokani bwino m'mbali. Mwana atha kuphunzirirapo kugwa, malinga wamkulu wodziwa ali pomwepo.

Chinanso, poti ndayamba kale: zokanyangana pakhosi zija mumaziona pa foni, ana aang'ono sitiwaphunzitsa n'komwe. Ndipo kwa akuluakulu lamulo ndi limodzi, mnzako akagunda kawiri ndi dzanja, pansi kapena pathupi pako, umasiya pomwepo.

Muulutsi: Nthawi yatsala pang'ono, aphunzitsi. Wachinyamata wa ku Chalimbana akuti pali wina akulonjeza lamba wakuda wa karate m'miyezi isanu ndi umodzi ukalipira. Alipire?

Aphunzitsi: Asalipire. Lamba wakuda amatenga zaka, ndipo amayesa ndi anthu ovomerezeka ndi bungwe la masewerawo. Afunse munthuyo kuti anaphunzira kwa yani, lamba wake anam'patsa ndani, ndipo kalabu yake inalembetsedwa kuti. Akayamba kuzungulira poyankha, ndalamazo zibwerere m'thumba.

Koma ndibwerere kwa abambo a ku Kanakantapa. Musati poti lero mwana wadya nsima ndiye wachira. Nyamukani naye panopa, ndipo mudutse kwa makolo a anzake aja muwauze kuti m'nyumba ya simenti ija asagwetsanemonso. Mutilembere sabata yamawa kutiuza zimene adokotala apeza.