Chilindo: Kulinda ndi Kulalira Nyama M'mbali mwa Nkhalango ya Liwonde

Munthu woyenda m'minda ya m'mbali mwa mtsinje wa Shire m'miyezi ya Febuluwale ndi Malichi amaona tinyumba ta udzu tomangidwa m'mwamba, tina pa mizati inayi, tina pa mphanda ya mtengo waukulu. Kanyumba kotere ndiko chilindo, ndipo ena amangoti nsanja. M'nkhani ino tiona chifukwa chimene munthu wolimbana ndi nyama zakutchire amakwerera pamwamba, komanso mmene ntchito ya chilindo yasinthira m'maboma a Machinga ndi Balaka, amene anazungulira nkhalango yosungirako nyama ya Liwonde.

Tiyambe ndi mawu enieniwo. Dzina loti chilindo likuchokera ku mneni woti kulinda, amene ali ndi matanthauzo awiri oyandikana: kudikira ndi kuyang'anira. Mneniyu ndi wosiyana ndi kusaka. Wosaka amatsata nyama kumene ili, nthawi zina ali yekha ndi agalu ake, nthawi zina pa uzimba wa mudzi wonse. Palinso mneni wachitatu, kulalira, kumene kuli kubisala pa njira ya nyama ndi cholinga choipha ikamadutsa. Pa chilindo chimodzi munthu angathe kulinda kapena kulalira. Wolinda amasonkha moto, amaimba chitini ndi kukuwa kuti nyama idziwe kuti m'mundamo muli mwini wake. Wolalira amachita zosiyana: sasonkha moto, sasuta fodya, ngakhale chifuwa amachimeza, chifukwa akufuna nyamayo ifike pafupi.

Mdani wamkulu wa mlimi usiku ndi nguluwe. Katswiri wa chikhalidwe cha anthu Brian Morris, m'buku lake la The Power of Animals la m'chaka cha 1998, anafotokoza zambiri za ubale wa Amalawi ndi nyama, ndipo nguluwe ili m'gulu la nyama zimene alimi amadana nazo kwambiri. Imayenda usiku m'timagulu, imagwetsa mapesi kuti idye mondokwa, imafukula chinangwa ndi mbatata. Maso ake si akuthwa kwenikweni, koma mphuno yake ndi yoopsa. Apa ndi pamene pagona nzeru ya chilindo. Munthu akakhala pansi, fungo lake limayenda ndi mphepo m'munsi momwe muli mphuno ya nguluwe. Akakwera mamita atatu kapena anayi, fungolo kawirikawiri limadutsa pamwamba ndi kukamwazikira kutali. Komanso nyama zambiri zoyenda pansi sizizolowera kuyang'ana kumwamba.

Koma tisaganize kuti kukwera kumathetsa zonse. Madzulo nthaka ikazizira, mpweya wozizira umatsika ndi kutsetsereka kulowera kudambo kapena kumtsinje, ndipo umatenga fungo la munthu. Ndiye chifukwa chake akuluakulu odziwa samanga chilindo paliponse. Amayamba aona mkwaso wa nyama, kuti zimatulukira pati m'thengo, kenaka amaona kumene mphepo ya usiku imachokera, n'kumanga mbali imene fungo silingapite kokumana ndi nyamazo. Kwathu malume anga ankawaza phulusa pang'ono kuchokera pamwamba kuti aone kumene likulowera. Ndili mwana ndinkayesa kuti ndi mankhwala.

Mtengo womangira nawonso ndi nkhani. Chigwa cha Shire chili ndi mitengo yambiri ya tsanya, yolimba kwambiri ndiponso yosagwidwa msanga ndi chiswe. Mizati ya tsanya imatha zaka ili chilili. Vuto ndi lakuti m'minda yambiri tsanya anatha ndi makala, ndipo wotsalayo ali mkati mwa nkhalango yotetezedwa momwe saloleza kudula. Choncho ambiri amamangira bulugamu kapena timitengo tanthete, ndipo chilindo chotere chikavundira pansi chimagwa ndi mwini wake ali m'tulo.

Nzeru yokwera pamwambayi si ya kuno kokha. Ku North America kuli nyama yotchedwa coyote, yofanana ndi nkhandwe yathu koma yokulirapo, imene imagwira nkhosa, ana a ng'ombe ndi nkhuku. Alenje ena a kumeneko, makamaka m'madera a nkhalango zowirira, amamangirira kampando kachitsulo pa thunthu la mtengo, n'kumaliza kachipangizo kotsanzira kulira kwa kalulu wovulala. Coyote akamva amabwera, koma mwa nzeru zake amakonda kuzungulira kaye kumunsi kwa mphepo kuti anunkhize. Mlenje ali pamwamba amamuona msanga pakati pa zitsamba, ndipo akawombera chipolopolo chimalowa m'nthaka osati kupita kutali kumene kungakhale anthu. Ngozi yawo ndi yofanana ndi yathu: ambiri amavulala chifukwa chogwa mumtengo, motero amadzimangirira ndi lamba.

Chimene tiyenera kuphunzira kwa anzathuwo si kampando kachitsulo ayi. Kwa zaka zoposa 100 akhala akupha nyamazi ndi mfuti, misampha ndi poizoni, ndipo boma la United States lokha limapha zikwi makumi angapo chaka chilichonse. Komabe coyote, amene kale ankapezeka makamaka m'zigwa za pakati ndi kumadzulo, lero anafalikira pafupifupi dziko lonselo mpaka m'mizinda ngati Chicago. Akaphedwa ena, otsala amapeza chakudya chambiri, ana ambiri amakula, ndipo malo osiyidwawo amalowamo ena. Ndi mmenenso zilili ndi nguluwe, imene imaswa ana angapo nthawi imodzi. Mlimi wopha nguluwe imodzi wapeza mpumulo wa masiku owerengeka, koma gulu lija limangosintha njira.

Ku Machinga kuli chinthu china chofunika kuchiganizira. Anthu ambiri m'bomali, ndiponso m'madera ena a Balaka, ndi Asilamu, ndipo sadya nyama ya nkhumba kapena ya nguluwe. Kwa iwo kupha nguluwe sikubweretsa ndiwo. Chimene akufuna n'chakuti chimanga chifike m'nkhokwe. Izi zikutisonyeza kuti chilindo, kuyambira kale, chinali cha mlonda koposa cha mlenje.

Lamulo nalonso linasintha zinthu. Nkhalango ya Liwonde inakhazikitsidwa m'chaka cha 1973. Mbali yaikulu ili kum'mawa kwa Shire, ku Machinga, ndipo kachigawo kena kali kumadzulo kwa mtsinjewo, ku Balaka, boma limene linapatulidwa ku Machinga mu 1998. Lamulo loteteza nyama zakutchire la 1992 limaletsa kusaka nyama zotetezedwa popanda chilolezo, ndipo litakonzedwanso mu 2017 chilango cha wopha nyama ngati njovu kapena chipembere chinafika pa zaka 30 m'ndende. Munthu amene agogo ake ankatamandidwa chifukwa cholalira nyama pa dziwe lomwera, lero akachita zomwezo m'nkhalangomo ndi wakuba nyama. Ena amadandaula kuti boma limakonda nyama koposa anthu. Dandaulo limeneli sitingalinyoze, makamaka tikakumbukira zaka zimene njovu zinkatuluka momasuka, kudya minda ndi kupha anthu m'midzi yozungulira.

Pa njovu, kunena zoona, chilindo si malo obisalapo. Njovu yaikulu ikatambasula chitamba imafika pamwamba kuposa zilindo zambiri, ndipo mizati inayi kwa iyo ndi mapesi chabe. Phindu la chilindo apa ndi kuona kapena kumva msanga, kudzutsa anzako, ndi kusonkha moto nthawi ikadalipo. Chilindo cha munthu mmodzi pakati pa munda wake sichithandiza kwenikweni ngati mmene zingathandizire zilindo zingapo zondandana m'malire a minda, eni ake atagwirizana zosinthana masiku ogona kumeneko.

Kuyambira mu 2015, pamene bungwe la African Parks linayamba kuyendetsa nkhalangoyi mogwirizana ndi nthambi ya boma yoona za nyama zakutchire, anamanga mpanda wa magetsi kuzungulira nkhalango ndipo anachotsa misampha ya waya yoposa 30,000. Njovu zinachepetsedwa: mu 2016 ndi 2017 zambiri zinasamutsidwira ku Nkhotakota, ndipo mu 2022 zina 263 zinapita ku Kasungu. Alimi ena analimbikitsidwa kulima tsabola, amene njovu sizimudya, ndi kuweta njuchi. Nthawi yomweyo nkhalangoyi inalandira akakwiyo mu 2017, mikango mu 2018 ndi mimbulu mu 2021, zimene zikutanthauza kuti mpandawo ukadulidwa, chotuluka sichingakhale njovu yokha.

Komabe mpanda sunathetse ntchito ya chilindo. Nguluwe ndi nungu zimakumba pansi pa waya, anyani ndi apusi amadumpha kudzera m'mitengo, mvuu zimatuluka mu Shire kunja kwa nkhalango, ndipo afisi ndi nkhandwe ambiri amakhala m'mapiri ndi m'mathengo amene sali mumpanda n'komwe. Nkhandwe ndi yoopsa osati pa nkhuku zokha. Ikhoza kukhala ndi chiwewe, choncho yofika pakhomo masana mopanda mantha si yoti ana aziithamangitsa, ndipo wolumidwa atsuke bala ndi sopo ndi madzi ambiri n'kuthamangira kuchipatala tsiku lomwelo.

Mtengo wa kulinda sitiuwerengera kawirikawiri. Bambo wogona pa chilindo miyezi iwiri ya dzinja amalumidwa ndi udzudzu usiku uliwonse, pa nthawi imene malungo amavuta kwambiri, ndipo ndi ochepa amene amakumbukira kupachika neti kumeneko. Mvula ya mphezi ikabwera, malo okwera pakati pa munda, makamaka a mumtengo wautali, ndi oyenera kutsikapo. Masana, pamene bambo akupumula, amene amakwera kukaingitsa anyani ndi mbalame za mumpunga nthawi zambiri amakhala mwana wa sukulu, ndipo nyengo imeneyi ndi ya chigawo chachiwiri cha maphunziro.