Phunziro 14: Tidziwe Mapiritsi Abwino Oonjezera Magazi

Mayi wapakati amafuna magazi ambiri. Magazi akachepa, mayi amatopa msanga. Amachita chizungulire, m'zikope ndi m'manja mumayera. Tsiku lobereka moyo wake umakhala pangozi.

Kuti thupi lipange magazi limafuna ayironi. Ayironi timampeza mu nyemba, chiwindi, usipa ndi bonongwe. Koma kwa mayi wapakati chakudya chokha kawirikawiri sichikwanira. Nchifukwa chake kusikelo amapereka mapiritsi amene anamwino amawatcha "sal ferroso". Mayi amamwa limodzi tsiku lililonse.

Anthu ena amagulitsanso mapiritsi pamsika. Amawathira m'kapepala kopanda dzina, nkumawasiya padzuwa tsiku lonse. Mapiritsi otere sitingadziwe ngati ali oona kapena onyenga. Tisataye ndalama zathu, tisaike moyo wa mayi pachiswe.

Ife amene tikuphunzira kuwerenga tili ndi chida. Tisanamwe piritsi, tiyang'ane zinthu zinayi.

1. Dzina. Tifune mawu akuti "sulfato ferroso" ndi "ácido fólico".
2. Muyeso. Pakhale nambala yonena ayironi amene ali m'piritsi limodzi. Mayi wapakati amafuna 30 mg mpaka 60 mg patsiku.
3. Tsiku lothera mphamvu. Tifune mawu akuti "Validade". Pakalembedwa 03/2024, mapiritsiwo anatha ntchito mwezi wachitatu wa chaka cha 2024.
4. Maonekedwe. Phukusi likhale lomata bwino. Piritsi long'aluka, lonyowa kapena la mawanga tisamwe. Tilibweze kuchipatala.

Chimbudzi chikada pamene mayi akumwa mapiritsi, asaope. Ndi mmene ayironi amachitira, ndipo asaleke kumwa. Asamwere tiyi, pakuti tiyi amatchinga ayironi kulowa m'thupi. Amwere madzi, ndipo adye lalanje kapena gwafa.

Mapiritsi tisunge pouma, pamwamba, posafika ana. Mwana akameza ambiri akhoza kufa. Zikachitika, tithamangire naye kuchipatala nthawi yomweyo.

Abambo, ntchito iyi ndi yathunso. Tiperekeze amayi kusikelo, tiwerengere pamodzi zolembedwa paphukusi. Amene wadziwa kuwerenga awerengere mnzake amene sanadziwe.

Mafunso
1. Tchulani zizindikiro zitatu za kuchepa kwa magazi.
2. Kodi mawu akuti "Validade" amatiuza chiyani?
3. Chifukwa chiyani sitigula mapiritsi opanda dzina?

Tilembe: Tiwerenge tisanamwe.