Kuphunzitsa Kuphika Chikondamoyo Pasukulu Yopanda Uvuni

Mphunzitsi wa maphunziro a zapakhomo akafika pa mutu wa zakudya zophika mu uvuni, kawirikawiri amagwa mphwayi. M'buku amaonamo chitofu chamagetsi, sikelo ndi ufa wa tirigu, pamene m'kalasi mwake muli choko ndi bolodi basi. Mapeto ake amalemba kaphikidwe ka keke pabolodi, ana nakopera m'makope mwao, ndipo amaweruka atatsimikiza mumtima kuti zakudya zotere n'za anthu olemera a m'tauni. Phunziro lotere laononga nthawi, ndiponso laphunzitsa mwana kunyoza zimene ali nazo kwao.

Sukulu za mishoni ya Livingstonia, imene Donald Fraser anakhazikitsa nthambi yake ya Loudon kuno ku Embangweni m'chaka cha 1902, zinkaphunzitsa ntchito zamanja pamodzi ndi kuwerenga. Inu amene mukukonzekera uphunzitsi muyenera kusunga nzeru imeneyi. Tsono m'nkhani ino tiona m'mene mungaphunzitsire ana a Sitandade 7 kapena 8 kuphika chikondamoyo, chimene ena amati chigumu, ndi zinthu zopezeka m'mudzi.

Chifukwa chosankhira chikondamoyo

Tirigu amalimidwa pang'ono chabe m'Malawi muno, makamaka kumapiri ozizira monga ku Tsangano m'boma la Ntcheu ndi ku Neno. Wochuluka amachokera kunja, kotero mtengo wa ufa wake umatsata zochitika kutali. Unakwera m'chaka cha 2022 kaamba ka nkhondo ya Russia ndi Ukraine, maiko olima tirigu wambiri, ndipo katundu wochokera kunja anakweranso pamene mphamvu ya kwacha inatsitsidwa ndi 44 peresenti mu Novembala 2023. Phunziro lodalira ufa wa tirigu wokha silingabwerezedwe m'makomo ambiri.

Chikondamoyo chimafuna mgaiwa, nthochi zakupsa ndi mkaka wosasa. Kumwera kwa Mzimba kuno chimanga ndicho chakudya cha tsiku ndi tsiku, ndipo m'midzi yoweta ng'ombe chambiko sachita kufuna kutali. Mgaiwa uposa ufa woyera pa thanzi pakuti gaga ndi mtima wa chimanga zimakhala momwemo. Ana ambiri a kuno amalankhula Chitumbuka kwao, choncho yambani ndi kuwafunsa dzina limene amai ao amatchula chakudyachi ndi m'mene amachiphikira. Mwana akaona kuti nzeru za kwao zalowa m'kalasi, amatchera khutu.

Zimene mphunzitsi ayenera kudziwa asanaphunzitse

Chinthu choyamba ndi chimene chimatupitsa mkate. Soda akakumana ndi chinthu chowawasa monga chambiko kapena madzi a ndimu, pamatuluka mpweya wotchedwa kaboni dayokisaidi. Mpweyawu umapanga timabowo tambirimbiri m'phala losakanizalo, ndipo moto umaumitsa phalalo timabowo tili momwemo. Ichi ndicho chifukwa chake phala silidikira: mukathira soda, liyenera kulowa pamoto msanga mpweya usanathawe. Soda akachuluka kuposa chowawasa, wotsalayo amasandutsa mkate kukhala wachikasu ndi kumveka ngati sopo m'kamwa.

Chachiwiri ndi kusiyana kwa tirigu ndi chimanga. Mu ufa wa tirigu muli ulimbo umene a sayansi amautcha gluten; ndiwo umatamuka ndi kugwira mpweya uja. M'chimanga mulibe ulimbo umenewu, n'chifukwa chake mkate wa mgaiwa wokha umakhala wolemera ndi woyoyoka. Nthochi ndi dzira zimathandiza kuumanga pamodzi, ndipo kapu imodzi ya ufa wa tirigu pa makapu awiri a mgaiwa imaupepukitsa popanda kukweza mtengo kwambiri.

Chachitatu ndi uvuni. Uvuni ndi malo otsekeka m'mene kutentha kumazinga chakudya mbali zonse, ndipo sefuliya yokhala ndi chivundikiro chachitsulo imakwanitsa zimenezi. Pali njira ziwiri. Yoyamba ndiyo kuthira phala m'sefuliya yopaka mafuta, kuiika pa makala ochepa, ndi kuika makala ochuluka pamwamba pa chivundikiro. Yachiwiri ndiyo kuthira mchenga woyera wouma pansi pa sefuliya yaikulu, wokuya ngati zala ziwiri kapena zitatu, kuutenthetsa, ndi kukhazika mbale ya phala pa mchengawo, makala ali pa chivundikiro. Njira yachiwiriyi ndiyo yoyenera oyamba kumene, chifukwa mchenga umagawa kutentha mofanana ndipo pansi sipapserera msanga.

Mabuku amati mkate wotere umafuna madigiri 180, koma ife tilibe choyezera. Wazani ufa pang'ono pa mbale yopanda kanthu m'sefuliya yotenthayo ndi kuvundikira kwa mphindi zochepa. Ufa ukasanduka wofiirira, moto uli bwino; ukada, phulani makala ena; ukakhala woyerabe, dikirani.

Zofunika pa gulu limodzi

Makapu 2 a mgaiwa wosefa
Kapu 1 ya ufa wa tirigu, kapena kapu yachitatu ya mgaiwa
Nthochi 3 zakupsa kwambiri
Kapu 1 ndi theka ya chambiko
Supuni yaing'ono 1 ya soda, yosasefukira
Theka la supuni yaing'ono ya mchere
Masupuni aakulu 3 a mafuta ophikira
Masupuni aakulu 2 a shuga
Dzira 1, ngati lilipo

Kapu ikhale imodzimodziyo poyeza zonse. Ngati chambiko palibe, finyirani supuni yaikulu imodzi ya madzi a ndimu m'kapu iliyonse ya mkaka, ndipo mudikire pang'ono kuti use. Mgaiwa usachokere ku chimanga chovunda kapena chachuku, pakuti poizoni wa chuku safa ndi moto wophikira.

Kayendetsedwe ka phunziro

Pemphani mphunzitsi wamkulu nthawi ziwiri zophunzira zotsatizana, ndipo kutatsala masiku angapo gawani ana m'magulu. Chiyambire maphunziro aulere a pulaimale m'chaka cha 1994, makalasi ambiri ndi odzaza, choncho si mwana aliyense adzagwira mthiko. Koma aliyense akhale ndi ntchito yake: oyeza, okanya nthochi, osonkha moto, osunga nthawi, olemba ndi otsuka. Anyamata asangotumidwa nkhuni, nao ayeze ndi kutakasa. Katundu mumgawe kotero kuti mwana wosauka asachite manyazi: amene sangabweretse dzira abweretse mchenga kapena zitsononkho zosonkhera moto.

Patsikulo moto uyambe kusonkhedwa phunziro lisanayambe, panja, pamalo opanda udzu wouma ndi mphepo, chidebe cha madzi chili pafupi. Ana onse asambe m'manja ndi sopo. Kenaka tsatani ndondomeko iyi:

1. Sakanizani zouma zonse m'beseni: ufa, soda, mchere ndi shuga. Soda asatsale m'mibulu.
2. M'mbale ina kanyani nthochi, muthiremo chambiko, mafuta ndi dzira.
3. Onetsetsani kuti sefuliya yatentha ndipo mbale yophikira yapakidwa mafuta.
4. Thirani zamadzi m'zouma, mutakase kufikira ufa wouma usaonekenso, ndipo mulekere pomwepo. Phala likhale lolimbirapo kuposa phala lakumwa, koma lofewa kuposa nsima.
5. Thirani m'mbale kulekeza pakati ndi pamwamba, kuti mkate upeze malo otupira, ndipo vundikirani.

Mkate umapsa pakati pa mphindi 35 ndi 45. Ana adzafuna kusuzumira, koma auzeni kuti kuona maso a nkhono n'kudekha: chivundikiro chikatsegulidwa m'mphindi 20 zoyamba, kutentha kumathawa ndipo mkate umagwa pakati. Pomaliza bayani pakati ndi mpeni woyera. Ukatuluka wouma, wapsa. Sefuliya aphule ndi mphunzitsi yekha.

Nthawi yodikira isapite pachabe

Mphindi 40 zimenezi ndizo mtima wa phunziro. Thirani madzi a ndimu m'botolo, muthiremo soda pang'ono, ndipo mumange kapepala kapulasitiki kukamwa kwa botololo. Ana adzaona thovu ndi kapepala kakufufuma. Afunseni kuti mpweya umenewo uli kuti m'sefuliya muja. Kenaka kandani timipira tiwiri, kena ka ufa wa tirigu, kena ka mgaiwa, ndipo mutitsuke pang'onopang'ono m'madzi. Ka mgaiwa kadzasungunuka konse, pamene ka tirigu kadzasiya kanthu kotamuka m'manja. Mwana amene wagwira ulimbo umenewu ndi zala zake sadzauiwala.

Masamu nao alowe pomwepa. Ana akhale atafunsiratu mitengo ya zinthuzi pamsika wa Embangweni kapena wa Jenda, ndipo awerengere mtengo wa mkate wonse. Tiyerekeze kuti zonse pamodzi zakwana K3,000 ndipo mkate wadulidwa zidutswa 12: chidutswa chimodzi chadya K250. Afunseni tsono kuti wogulitsa agulitse pa mtengo wanji kuti apeze phindu. Ambiri adzaiwala mtengo wa makala, ndiponso adzati mgaiwa ndi nthochi za kumunda n'zaulere. Kumeneku ndiko kulakwa kumene kumagwetsa timalonda tambiri ta pakhomo, ndipo nkwabwino kuti mwana akuzindikire ali pasukulu.

Mkate ukalephereka

Gulu lina mkate wake sudzatuluka bwino. Musaubise kapena kukalipira ana. Uikeni pambali pa wabwinowo, kalasi lonse lifufuze chifukwa chake. Wopserera pansi koma wauwisi pamwamba, makala anachuluka kunsi. Wakuda pamwamba koma wamadzi m'kati, moto unapsa kwambiri. Wolimba ndi wosatupa, phala linadikira nthawi yaitali kapena soda anali wakale. Wowawa ndi wachikasu, supuni ya soda inasefukira. Gulu lililonse lilembe chimene linaona, chifukwa chake, ndi chimene lidzasintha likadzaphikanso.

Kuyesa ngati ana amva

Funso loti "Tchulani zofunika pophika chikondamoyo" limangoyesa kuloweza. Mafunso abwino ndi onga awa: Ngati chambiko palibe, mungagwiritse ntchito chiyani, ndipo chifukwa ninji? Makala amachuluka pamwamba kuposa pansi chifukwa chiyani? Mukafuna kuphikira anthu ochuluka kawiri, muyeso wa chinthu chilichonse ukhala wotani? Pakatha sabata ziwiri funsaninso kuti ndi angati anayesa kuphika kwao, ndipo amai kapena agogo ao anati chiyani. Yankho la funso limeneli ndilo lidzakuuzani ngati phunziro linafika pakhomo.

Ntchito ya ophunzira uphunzitsi

1. Phikani chikondamoyo kawiri musanapite kukayesera kuphunzitsa, kamodzi ndi mgaiwa wokha, kenaka ndi wosakaniza ndi tirigu, ndipo mulembe kusiyana kwake.
2. Konzani chikonzero cha phunziroli cha kalasi la ana 80, muonetse magulu, ntchito ya mwana aliyense ndi m'mene mudzapewere ngozi ya moto.
3. M'malo mwa nthochi yesani mbatata yofiira m'kati yophikaphika kapena dzungu, ndipo mudzafotokozere anzanu m'kalasi muyeso wa chambiko umene munaona kuti ukuyenera.