Injini Ikanoka, Musailizenso

Inu akabaza a ku Chinyonga, tcherani khutu. Njinga yamoto yakale ikayamba kugogoda mkati n'kuzima yokha, musailizenso. Ikankheni mpaka kwa makaniko.

Pomasula injini mukhalepo ndithu. Yang'anani oyilo wotulukayo. Mukaona tizitsulo tonyezimira, dziwani kuti beyaring'i yadyeka, ndipo kusintha pisitoni yokha n'kutaya ndalama. Silinda yokalikakalika ibooledwe, ndipo mugule pisitoni ndi maring'i olingana nayo. Popita ku Limbe kokagula, tengani zakalezo mukafananize.

Chonde, amakaniko atsuke sefa ya oyilo ndi timipata tonse, chifukwa kachitsulo kamodzi kotsalira kamaononganso ntchito yonse. Injini ikalira, yendani pang'onopang'ono, osanyamula anthu awiri pachitunda. Mukakwanitsa makilomita 500, khuthulani oyiloyo muthire watsopano.