Mphunzitsi Akathodwa ndi Ntchito: Ufulu Wanu ndi Kokadandaula

Chiyambire 1994, pomwe fizi ya ku pulayimale inathetsedwa, ana achuluka kuposa aphunzitsi. Boma limafuna mphunzitsi mmodzi pa ana 60, koma m'sukulu zambiri za mu Lilongwe kalasi imodzi imapyola pamenepo. Poweruka, makope osachonga ali mulu, masikimu akudikira, eninyumba akufuna lendi, wakatapila naye sakugona. Mukayamba kusowa tulo, mutu kuwawa tsiku ndi tsiku, kukalipira ana pa zinthu zazing'ono, kapena kudalira mowa kuti muiwale, musadziyese waulesi. Mwadwala, ndipo wodwala ali ndi ufulu.

Cholakwika chomwe ambiri amachita n'kungojomba. Lamulo limateteza wodwala amene ali ndi kalata ya dokotala, koma wongosowa pantchito amayesedwa wothawa, ndipo malipiro ake akhoza kuimitsidwa. Choncho yambani ndi chipatala. Ku Bwaila, ku Old Town, kuli mbali yothandiza matenda a maganizo. Ku Area 43 kuli St John of God komwe kuli aphungu. Kupita kumeneko si misala ayi. Mufotokozereni dokotala zonse, ndipo akaona kuti mufunika kupuma, akulembereni kalata.

Lamulo la Employment Act la 2000, ndime 46, limati amene wagwira ntchito miyezi 12 mosadukiza ali ndi ufulu wa tchuthi cha matenda: masabata anayi akulandira malipiro onse, ndi masabata asanu ndi atatu akulandira theka, chaka chilichonse. Izi zikukhudzanso sukulu zomwe si zaboma, ngakhale zodula za kumayadi ku Area 10 kapena Area 47. Aphunzitsi aboma alinso ndi malamulo awo a ntchito zaboma. Funsani ku ofesi ya DEM (mkulu wa zamaphunziro m'boma lanu) kuti akuonetseni zomwe akunena pa tchuthi.

Ngati chokupanikizani ndi kuchuluka kwa mapiriyodi, kunyozedwa, kapena ndalama zanu zomwe zakhalitsa osatuluka, lembani kalata kwa ahedi. Ikani deti, tchulani zomwe zinachitika ndi masiku ake, nenani chomwe mukupempha, ndipo sungani kope lomwe adindapo. Zongolankhula mu ofesi zimakanidwa mawa lake. Ahedi akalephera, kapena vuto likakhala iwowo, pitani kwa a PEA (alangizi a zamaphunziro m'zoni yanu), kenako kwa a DEM. A kusekondale apite ku ofesi ya Central West Education Division. Kuthamangira ku unduna ku Capital Hill musanadutse makomo amenewa n'kutaya ndalama ya minibasi, adzakubwezani komwe mwalumpha.

Musayende nokha. Bungwe la aphunzitsi la TUM lili ndi likulu lake ku Aphunzitsi Centre mu Lilongwe momuno, ndipo membala amene amadulidwa ndalama mwezi ndi mwezi sayenera kuchita manyazi kupempha womuperekeza.

Malamulo aakulu a dziko lino, ndime 31, amapatsa aliyense ufulu wogwira ntchito mwachilungamo ndi motetezeka. Ndime 43 imati ofesi yaboma ikapanga chiganizo chokhudza ufulu wanu, ikupatseni zifukwa zake molemba. Ikakana, kapena ikangokhala chete miyezi ndi miyezi, kadandauleni kwa Ombudsman ku City Centre; salipiritsa.

Amene wachotsedwa ntchito adziwe kuti ndime 57 ya Employment Act imafuna chifukwa chomveka, komanso kuti munthu apatsidwe mwayi wodziteteza asanachotsedwe. Dandaulo lipite ku ofesi ya zantchito pasanathe miyezi itatu, ndipo zikakanika kumeneko nkhani imapita ku Industrial Relations Court. Ngakhale mutasiya nokha chifukwa bwana wakuzunzani mpaka simukanatha kupirira, ndime 60 imati kumeneko n'kuchotsedwa ndithu, bola muonetse umboni. Makalata munasunga aja ndi amene adzakulankhulireni.

Maganizo ofuna kudzipha akakufikirani, musadikire kalata iliyonse. Uzani mnzanu kapena m'bale amene mumamukhulupirira, akuperekezeni kuchipatala tsiku lomwelo.